Wokolopa Amene Anasamutsa Imelo ya Bwana

Tsiku limene anazimitsa ofesi yonse, anali atagwirapo ntchito masabata awiri okha.

Ankafuna kuwiritsa madzi a tiyi. Soketi ya kukhitchini inali yakufa, ndiye ananyamula ketulo n'kupita nayo pakona ya chipinda chachikulu, pamene panali pulagi yakuda yooneka ngati ilibe ntchito. Anaizula. Makompyuta onse anathima nthawi imodzi, ndipo mitu yonse inatembenuka nthawi imodzinso.

Inali ofesi ya oyeza malo. Mapu amene wojambula wa pamenepo anayamba m'mawa anapita osatsanzika.

Bwana anatuluka m'chipinda mwawo magalasi ali m'manja. Anali bambo wachikulire, wa imvi, wolankhula motsitsa. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Mwana iwe, sukulu unalekeza pati?"

"Ndinamaliza sekondale, bwana."

"Kumaliza anamalizadi," anatero sekilitale, maso ali pa zikhadabo zake. "Kawiri."

Sekilitale ankadziwa bwino nkhaniyo chifukwa kusekondale ankakhala desiki imodzi. Iye anakhoza n'kupita ku koleji. Mnzakeyo analephera, anabwereza, n'kulepheranso.

"Kuyambira lero, chilichonse chokhala ndi waya usachikhudze," anatero Bwana. "Chako ndi mopu."

Pofika masana dzina linali litamera kale. Onse ankamuitana kuti Mopu, ndipo ena aulemu ankati a Mopu.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mutataya mtima, khalani bwino. Munthu amene ndikukuuzaniyu sanali wanzeru zobisika zimene aphunzitsi sanazione. Masamu ankamuvutadi. Chimene anali nacho n'china.

Ankakhala kwa achemwali ake, kugona pabalaza, kudzuka ana asanadzuke kuti apinde matiresi n'kuwabisa kuseri kwa sofa. Madzulo a tsikulo nkhani inali itafika kale kunyumba. Alamu ake, dalaivala wa lole amene sankalola nthabwala kumudutsa, anamulandira ataimirira.

"Alamu, tamva kuti mwakwezedwa! Akuti tsopano ndinu woyang'anira zamagetsi."

Anaseka nawo. Kenako analowa m'bafa, anatsegula mpopi kuti madzi azimveka, n'kulira. Ntchitoyo anamupezera ndi achemwali akewo atapempha anthu ambiri, ndipo anali atamuuza mosabisa kuti ikamuthawa iyi, alibenso wina woti akamugwadire.

Manyazi anatha patapita masabata angapo. Chimene sichinathe ndi funso. Mapu aja anapita kuti? Anali pa sikirini, onse ankawaona. Nanga chinthu chimachoka bwanji osatuluka pakhomo?

Anafunsa wojambula uja, yemwe anamuyankha mwachidule kuti sanawasunge. Kusunga kuti? Mu foda. Foda ili kuti? Apa wojambula anamupempha kuti akamutengere shuga.

Pa ofesipo pankabwera katswiri wa makompyuta amene onse ankamutchula kuti Injiniya. Ankafika ndi chikwama chachikopa ndi mafoni awiri, ndipo matenda alionse kwa iye mankhwala ake anali amodzi: "Yafuna yatsopano." Mafunso a wokolopa sankayankha. Koma ankakonda kulankhula yekha akamagwira ntchito, ndipo Mopu anazindikira kuti mopu ukhoza kuyenda pang'onopang'ono. Palibe malo mu ofesimo amene ankawala ngati pansi pa tebulo limene Injiniya akugwirapo ntchito.

Kuseri kwa khitchini kunali kachipinda kosungira zinthu, kodzaza ndi mipando yothyoka, mapepala akale ndi zitsulo zoyezera malo. Mmenemo ndi mmene makompyuta oweruzidwa ndi Injiniya ankakaponyedwa. Lamulo la Bwana linali la mawaya a mu ofesi. Za mawaya a m'kachipindamo palibe amene ananenapo kanthu.

Anzake akapita kukadya masana, iye ankatseka chitseko, kutembenuza ndowa n'kukhalapo, kenako kuyatsa kompyuta yakale. Poyamba ankaopa batani lililonse. Atazindikira kuti chinthu chotayidwa kale sichingatayidwenso, mantha anachoka. Anaiwononga, anaikonza, anaiwononganso. Ankawerenga pa foni yake zimene ena analemba, n'kumakopera mu kope la mizere chilichonse chimene chagwira ntchito. Zimene zakanika ankazilembanso, kumapeto kwa kope. Kumapetoko n'kumene kunayamba kudzaza.

Atafika pa za imelo anapeza vuto limodzi: analibe womulembera. Ndiye ankadzilembera yekha. "Wadya?" Kenako n'kudziyankha. "Ayi, ndili pa ntchito."

Injiniya ataponyamo kompyuta yachiwiri, Mopu anaganiza zosamutsa imelo yake kuchoka mu yoyamba kupita mu inayo. Analemba adiresi yake ndi pasiwedi, n'kudikira. Bokosi linatseguka lili mbee. Makalata makumi anayi amene anadzilembera anali atatsala mu kompyuta yoyamba ija.

Zinamutengera mwezi kuti amvetse, ndipo atamvetsa anazilemba m'mawu akeake. Pulogalamu ya imelo ili ngati mesenjala. Amapita ku positi, imene akatswiri amaitcha seva, n'kukatenga makalata. Mesenjala wina amasiya makalatawo komweko, amangokuonetsa. Wina amakokolola onse n'kubwera nawo kunyumba, ku positi osasiyako kanthu. Ukalemba mesenjala watsopano, sikokwanira kumuuza dzina lako. Uyenera kumuuza positi yake, khomo lolowera, khomo lotulukira, ndi mmene umafunira kuti makalata aziikidwira. Amenewo ndiwo masetingi. Ndipo makalata amene mesenjala wakale anabweretsa kale, uyenera kuwanyamula wekha.

Anasamutsa imelo yakeyo kupita uku, kubwerera uku, mpaka anasiya kuyang'ana mu kope.

Zaka zitatu zinatha chonchi. Kunja kwa kachipindako palibe chinasintha. Ankakolopa, ankapukuta, ankagawa tiyi. Masiku ena ankakhala pa ndowa paja n'kudzifunsa kuti zonsezi n'zachiyani, popeza panalibe setifiketi imene ikanatuluka m'chipinda cha mipando yothyoka. Mawa lake ankayatsanso.

Kompyuta ya Bwana inali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Inkalira ngati munthu wa chifuwa, ndipo inali itayamba kuzima yokha ikatentha. Lachitatu lina m'mawa, Injiniya anabwera ndi yatsopano. Anailumikiza, analowetsa adiresi ya Bwana ndi pasiwedi, anaona makalata atatu a tsikulo akulowa, n'kumenya m'manja.

"Zatheka, bwana. Yakaleyi ndidzaifufuta Lolemba."

Anaiika pansi pakona, anamata kapepala kolembedwa kuti YAKUFA, n'kuthamangira basi. Anali ndi maphunziro a masiku atatu kutali.

Cha m'ma 1 koloko, Mopu akulowa ndi tileyi ya tiyi, anapeza Bwana ataimirira, sekilitale ali pa mpando wawo akugwedeza mausi uku ndi uku.

"Mulibe, bwana. Muli atatu okha, a lero. Ngakhale maadiresi a anthu mulibe."

Nkhani yake inali iyi. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, Bwana anayeza malire a minda iwiri yoyandikana. Mwini munda wina analemba imelo kuvomereza pamene miyala ya malire inaikidwa. Tsopano munthuyo anali atasintha mawu, akuti sanavomerepo, ndipo akuti Bwana anasuntha miyala kukondera mnzake. Mlandu unali woti umvedwe mawa lake 9 koloko. Umboni wa Bwana unali kalata imodzi ija.

Anamuimbira Injiniya. Mawu ake ankamveka chipinda chonse, pamodzi ndi phokoso la basi.

"Ngati pa seva palibe ndiye kuti zinapita, bwana. Yakaleyo musaiyatse, ikhoza kupseratu. Tidzaona Lolemba."

Bwana anakhala pansi pang'onopang'ono. Zaka makumi anayi akuyeza malo, palibe amene anawanenapo kuti ndi akuba.

Mopu anali akadaima pakhomo, tileyi ikuyamba kulemera. Anamva pakamwa pake pakutseguka iye asanavomereze.

"Bwana, makalata sanapite. Ali mu yakaleyo."

Sekilitale anatembenuka. "Iwe, ika tiyi uzipita."

"Pulogalamu yanu yakale inkatenga makalata onse ku seva n'kuwasunga mu kompyutamo. N'chifukwa chake yatsopanoyi yapeza a lero okha. Ndikhoza kuwasamutsa."

Bwana anavala magalasi kuti amuone bwino.

"Iwe?"

"Ine, bwana."

"Wamva zimene wanena Injiniya. Ukaiyatsa n'kupsa, ndiye kuti wandiphera zonse, ngakhale za Lolemba zomwe."

"Mlandu ndi mawa, bwana. Lolemba kalatayo idzakhala ya ntchito yanji?"

Sekilitale anagwira pakamwa.

"Chabwino," anatero Bwana. "Ndikupita kwa loya, ndibwera 4 koloko. Ndikapeza yapsa, mawa usabwere. Tamvana?"

Mopu anaganiza za nkhope ya achemwali ake. Kenako anaika tileyi pansi.

"Tamvana, bwana."

Sanafulumire kuiyatsa. Anaigoneka pa tebulo, anamasula mbali imodzi ndi mpeni wa kukhitchini, n'kusuzumira. M'katimo munali fumbi la zaka khumi ndi chimodzi, lolukana ngati bulangeti, ndipo kafani koziziritsa kanali katatsamwa nalo. Anamwetulira koyamba tsikulo. Za fumbi, mu ofesi yonseyo munalibe womuposa.

Analichotsa ndi kaburashi, pang'onopang'ono, osakhudza china. Anatsegula zenera. Anakoka fani yaikulu ya m'chipinda cha misonkhano n'kuiloza m'mimba mwa kompyutayo. Waya wa intaneti sanaulumikize, kuopera kuti mesenjala wakale angathamangenso ku positi kukakokolola makalata atsopano. Kenako anadina batani.

Inatsokomola, inaganiza, n'kuyaka.

Anatsegula kope patsamba latsopano n'kuyamba kukopera masetingi mzere ndi mzere: dzina la seva yolandirira makalata, dzina la seva yotumizira, manambala a makomo ake, mawu amene amakhala pansi pa kalata iliyonse ya Bwana, ndi kabokosi kalikonse, kochongedwa ndi kosachongedwa.

"Pasiwedi uitenga kuti?" anafunsa sekilitale, amene anali atabwera kudzaonera maliro koma tsopano anali ataweramira pa phewa lake. "Ikungoonetsa timadontho."

Mopu anatembenuza kiyibodi. Pansi pake panali kapepala komatidwa ndi tepi. Anali atakapukuta Lachisanu lililonse kwa zaka zitatu.

Anatseka pulogalamu, n'kupita kukafuna foda imene imasunga zonse, makalata ndi maadiresi omwe. Inali pamalo pobisika, koma iye njirayo ankaidziwa ngati ya kwawo. Kenako anaona kukula kwake. Inali yaikulu kuposa fulashi yonyamulira zinthu za m'kompyuta imene anali nayo, ndipo mu ofesi monse munalibe ina.

Sekilitale analoza pa sikirini ndi chikhadabo chofiira.

"Taona apa. Theka la zonsezi ndi foda ya Zinyalala. Isiye, zotsalazo zikwana. Ulendo umodzi, wamaliza, tizimitse chinthuchi chisanafe."

Anali kunena zoona pa chinthu chimodzi. Nthawi inali itadutsa 2 koloko, ndipo chitsulo chinali chitayamba kufunda. Maulendo awiri anatanthauza kuisunga yoyaka kwa ola lina lathunthu.

"Sindisiya," anatero Mopu.

"Ukufuna kuchotsedwa ntchito chifukwa cha zinyalala? Koma iwe udakali chimodzimodzi. Ndi mmene unkatayira nthawi pa funso limodzi la mayeso."

"Bini ya Bwana unayamba waitayapo?"

"Ine nditaye bini?"

"Ine ndimataya zonse mu ofesi muno, kupatula iyi." Analoza ndi mwendo kadengu kamene kanali kumanja kwa mpando. "Tayang'anamo."

Sekilitale anawerama monyinyirika. Munali mapepala oongoka bwino, osakwinyika, ena odindidwa.

"Pepala limene alifune mawa amaligwetsera mmenemo, chifukwa pa tebulo limasochera. Zotaya zenizeni amazikwinya n'kuziika m'thumba la jekete. Munthu amene amachita zimenezi ndi mapepala, ukuganiza kuti mu kompyuta amatani?"

Sekilitale anadzuka, n'kukasunthira fani pafupi.

Ulendo woyamba unayenda bwino. Mopu anazula fulashi, anakhuthulira zonse mu kompyuta yatsopano, anafufuta fulashiyo, n'kubwerera nayo. Ulendo wachiwiri unali wa Zinyalala. Kompyuta inalonjeza kuti kwatsala mphindi khumi ndi zinayi. Kenako zisanu ndi zinayi. Kenako, mopanda manyazi, makumi awiri ndi ziwiri. Kafani kanayamba kulira mokweza. Wojambula ndi anzake anali atasiya ntchito, ataima pakhomo ngati anthu oonera mpira pa zenera la eni.

"Upemphere," ananong'ona sekilitale.

"Pemphera iwe, ine ndikuwerenga."

Mzere wobiriwira unakwawa mpaka kumapeto. Mopu anadikira kuti kagetsi ka fulashi kasiye kuphethira, anaizula mwaulemu, n'kuzimitsa kompyuta yakaleyo ndi dzanja lake. Ngati ikanatha kuyakanso kapena ayi, palibe akudziwa. Palibe anayesa.

Pa yatsopano anaika zonse pamalo pake n'kuonetsa pulogalamu kumene zili. Mafoda anayamba kutuluka limodzi ndi limodzi, maadiresi anabwerera. Anakonza seva yotumizira, imene Injiniya anali asanaiyese, n'kutumiza kalata kwa sekilitale. Pa desiki ya kunja panamveka kabelu. Anthu pakhomo paja anaomba m'manja.

Iye sanadzuke. Anatsegulanso kope n'kuyamba kufananiza, mzere ndi mzere, zimene anakopera ndi zimene zinali pa sikirini. Zonse zinkagwirizana mpaka pa kabokosi kamodzi, kumunsi kwenikweni. Pa yakale kanali kopanda kanthu. Pa yatsopano kanali kochongedwa. Kankati pulogalamu ikatsekedwa, izitaya zonse za mu Zinyalala.

Anachotsa chongacho.

Bwana analowa nthawi itangodutsa 4 koloko. Anayang'ana kompyuta yotsegulidwa m'mimba, fani, ndi gulu la pakhomo, limene linakumbukira mwadzidzidzi kuti lili ndi ntchito. Anakhala pa mpando. Bokosi la makalata olowa sanaliyang'ane n'komwe. Anapita molunjika ku Zinyalala, n'kulemba dzina la mwini munda uja ndi zala ziwiri.

Kalata inatuluka, ndi tsiku lake, ndi mawu ake onse.

"Bwana," anatero sekilitale, "makalata ofunika mumasunga mu Zinyalala?"

"Nanga ndizisunga kuti? Batani limodzi, kalata yalowa. Enanu mumavutika n'chiyani?"

Anaisindikiza, anaiwerenga kawiri, n'kuiika m'chikwama. Mopu anawauza za kabokosi kaja, ndiponso kuti akalola, awakonzera foda ina yotetezeka imene izilandiranso makalata ndi batani limodzi. Bwana anamvetsera mpaka kumapeto.

"Zimenezi munaphunzira kuti?"

"M'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, bwana. Nthawi ya masana."

"Kuyambira liti?"

"Zaka zitatu."

Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso.

"Makompyuta ena onsewa tikusinthanso mwezi uno. Mawa mubwere. Mupeza tebulo lanu pafupi ndi zenera."

Mlandu sunachedwe. Mwini munda uja ataona kalata yake, anakumbukira zonse.

Lolemba Injiniya anafika ndi chikwama chake, nkhope itakonzekera kupepesa. Anatsegula pulogalamu ya Bwana, anayendayenda m'mafoda, n'kutsegula masetingi.

"Mwaitana ndani, bwana?"

"Mnzako wa ntchito. Ali apo pa zenera. Kamufunse."

Injiniya anapita. Anaima pa tebulopo, anayang'ana kope la mizere, anakanda m'mutu. Kenako anakoka mpando n'kukhala.

"Fodayo munaipeza pati? Tanenani pang'onopang'ono, ndilembe."

Ndipo Mopu anamuuza zonse, osabisa kanthu.

Lero maofesi a mumsewu umenewo akagula makompyuta atsopano, amaitana iye. Asanagwire chilichonse amayamba wakhala pansi ndi mwini kompyuta n'kumufunsa kuti, "Tandionetsani mmene mumagwirira ntchito." Ena amadabwa, amaona ngati akuchedwetsa. Koma sanatayepo kalata ya munthu.

Mwina inunso muli pamalo pamene anthu amakudutsani ngati khoma. Mwina munalephera, ndipo pali wina amene amakumbukira bwino kuti kangati. Musadikire kuti akupatseni kalasi, mphunzitsi ndi chilolezo. Pezani kanthu kamodzi kamene mukufuna kukamvetsa, mukagwire, mukawononge, mukakonze, mawa mukayambenso. Zikhoza kutenga zaka popanda woona. Koma tsiku lina m'chipinda mudzakhala zii, aliyense atasowa chonena, ndipo yankho lidzakhala lili ndi inu.

Limbani mtima, musafooke. Tsikulo likupezeni mutakonzeka.